Tenti ya Mpingo Pamchenga wa ku Luwuchi

Amuna anga atapuma pantchito ya uphunzitsi ndinkayembekezera kuti ayamba kuweta nkhuku za mazira ngati anzawo onse. Iwo anagula chitseko. Mpaka lero ndimachitchula choncho, chifukwa tsiku limene ndinachiona chitamangidwa kumbuyo kwa kapikapu kathu ndinaganiza kuti tsopano khomo la kukhitchini likonzedwa. Atachitsitsa ndinaona kuti ndi thabwa lalitali loyera, lokhala ndi mlongoti wake ndi thanga lofiira, lija amaimirirapo azungu panyanja mphepo n'kumawakankha. Analigula kwa mzungu wina amene ankatseka malo ake ogona alendo n'kumabwerera kwawo.

Ndinangoti kukamwa yasa. Amuna angawa anabadwira ku Khondowe, pamwamba pa phiri pomwe nyanja timaiona pansi m'mawa uliwonse, koma kuyambira pamene ine ndinabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzaphunzitsa kuno n'kukwatiwa nawo, ndinali ndisanawaonepo atanyowetsa ngakhale bondo m'nyanjamo. Ndi mkulu wa mpingo, wovala taye ndi Loweruka lomwe.

"Kodi abambo, kusambira mumatha?" ndinawafunsa.

"Pang'ono."

"Pang'onopo munaphunzirira kuti?"

"Kumathithi a Manchewe, tili ana." Kenako anasolola jekete ya olenji m'thumba n'kundionetsa ngati chiphaso. "Ndi iyi munthu samira, mayi. Musadandaule."

Ndinadandaula basi. Ndinawauza kuti ine sindinakonzekere umasiye chifukwa cha chidole cha mzungu. Anaseka, koma atasiya kuseka anandiuza kuti kuyambira ali mphunzitsi wachinyamata ankaona timatanga timeneti kuchokera pawindo la kalasi, tikuyenda pamadzi kutali pansipo, ndipo choko chinkaima m'manja. Anati moyo wawo wonse akhala akuuza ana a eni kuti aziyesa zinthu, chonsecho iwo eni ake sanayeseko chilichonse choposa kusintha mtundu wa taye. Koma mantha anga sanasunthe, ndipo anali amodzi okha, kuti nyanja ija idzanditengera mwamuna.

Poti kuwaletsa kunakanika, ndinati bola ndikhalepo posankha malo. Pafoni yawo anali ataonera makanema ambirimbiri a anthu ophunzitsa masewerawa, ndipo ankandibwerezera ngati katekisimu kuti wongoyamba kumene amafuna pansi pamchenga, madzi olekeza m'chiuno mpaka kutali ndithu, ndi kamphepo kowomba kuchokera kunyanja kulowera kumtunda, kuti ukalephera kakubweze kugombe. Ankafunanso pomanga tenti, chifukwa m'makanemamo anthu ankagona pomwepo. Choncho mwera utaleka, tinayamba kutsika msewu wa Gorodi Loweruka lililonse kukafuna malo, ine nditagwira chitseko cha galimoto pakona iliyonse.

Ku Chiweta mchenga unalipo, koma mtsinje umathira pafupi, ndipo mayi wina amene ankachapa anatiuza mosatekeseka kuti ng'ona inagwira mbuzi pompo masiku apitawo. Ine ndinali nditafika kale kugalimoto iwo akuthokozabe. Ku Mlowe kunali kokongola kosaneneka, koma miyala yokhayokha, ndipo madzi ake ukangoyenda pang'ono amasanduka akuda. Ku Chitimba ndiye tinapeza zonse za mu katekisimu muja, mchenga woyera, madzi osaya, pomanga tenti pa udzu, ndi mabafa omwe. Ndinati apa ndiye tafika. Tili chiimire, bambo wina wapageti, wa ndevu zotuwa kale, anavula chipewa n'kufuula, "Asambizgi! Mwandikumbuka?" Anali mwana wawo wa sukulu wakalekale. Amuna anga anamulonjera bwinobwino, kenako ananyowetsa chala n'kuchiimika m'mwamba, n'kunena kuti mphepo ya pano siili bwino.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene tinkafunadi. Mchenga ndi mphepo zinali zongowonjezera. Mkulu wa mpingo ankafuna malo oti agwe chagada m'madzi atavala kabudula popanda munthu wowadziwa. Ndinawauza kuti ngati n'choncho tipite ku Tanzania, chifukwa theka la boma la Rumphi linadutsa m'kalasi mwawo.

Tinawapeza malowo kumunsi kwa Luwuchi, kadoko kakang'ono pakati pa miyala iwiri ikuluikulu yolowa m'nyanja. Nyumba zili kutsidya kwa msewu, matandala oyanikapo usipa ali cha uko patali, ndipo pakati pa msewu ndi mchenga pali munda wa chinangwa ndi mitengo ya mango. Mwini munda anali bambo wachikulire wochokera ku Karonga amene sanawadziwe amuna anga n'komwe. Anatiloleza, n'kuwonjeza kuti Loweruka lotsatira iye adzakhala ali ku Mzuzu ndi nsomba zake, tidzangochita ngati pathu. Amuna anga anapinda buluku, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, anayang'ana uku ndi uku. "Apa pabwino chomene," anatero.

Inatsala tenti. Timatenti tija tating'ono ta alendo anatikana, ati mawondo awo salola kukwawa ngati nkhuku yolowa m'khola. Ndipo anafunsa kuti tivutikiranji pomwe tenti ili m'nyumba momwemo. Kampingo kathu kali ndi matenti awiri obiriwira, ndipo yaing'onoyo imasungidwa m'sitolo mwathu chifukwa iwo ndi amene amasunga makiyi. Ine ndakhalapo pansi pa tenti imeneyo kosawerengeka, nthawi zonse nditafunda chitenje kumutu. Komabe tsiku limenelo ndinangoona chinsalu chotchinga dzuwa. Tonse awiri, aphunzitsi opuma, anthu oti tinakalambira pamaliro a anzathu, palibe amene anaganiza kawiri. Tinanyamulanso mipando iwiri yapulasitiki.

Tinafika Loweruka m'mawa dzuwa litangokwera pang'ono. Pokhotera kumunda, matayala akutsogolo anatitimira mumchenga, mbuyo ya galimoto n'kutsalira pang'ono pa phula, pakona penipeni pomwe malole a malasha amadutsa ngati akuthamangitsidwa. Amuna anga, munthu wa malamulo, anathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu mbali zonse ziwiri kuti madalaivala achepetse liwiro. Anati galimoto tiikumba madzulo, mphepo siidikira. Tenti tinaimanga tikukangana, ine ndikugwira mzati iwo akukhoma zikhomo zomwe zinkangozuka mumchenga, mpaka inaima mopendekeka. Anavula buluku, malaya ndi taye, anazipinda bwinobwino n'kuziika pampando, nsapato pansi pake. Chipewa chawo chabulauni chokha anakana kuvula. Ine ndinamanga duku lakuda kuti mchenga usalowe m'tsitsi, n'kukhala pampando winawo kuyang'ana kunyanja.

Anagwa. Anadzuka, anakoka thanga ndi chingwe, anagwanso. Anagwa chagada, anagwa chafufumimba, anagwa m'njira zina zimene sindinkadziwa kuti munthu angagwe. Nthawi iliyonse ankatuluka m'madzi olekeza m'chiunowo chipewa chikuchucha, n'kundiyang'ana ngati ndine ndawakankha. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo mantha anayamba kundichoka, poti madziwo analidi osaya. Kenako, mosayembekezera, anaimirira. Thanga linadzaza mphepo, thabwa linayamba kuyenda, ndipo ndinaona mwamuna wanga wa imvi akutsetsereka pamadzi, msana uli woongoka ngati akutsogolera nyimbo. Ndinaimirira nanenso n'kuwomba m'manja ndekhandekha. Analunjika ku mwala wa kumpoto, anaufika, anazimirira kuseri kwake.

Ndinathira tiyi m'makapu awiri kuti akatembenuka apeze wokonzeka. Tiyi anazizira. Ndinapita ku mwalawo, ndinayesa kukwera, koma ndi woterera ndipo kuseri kwake kuli miyala ina yokhayokha. Pomwe ndinafika ndinaona madzi okha akunyezimira mpaka maso kuwawa. Ndinaitana. Ndinabwerera kutenti ndikudziuza kuti akupuma penapake, kuti jekete ija samira nayo munthu, kuti akabwera ndiwakalipira mpaka adzachigulitsa chitsekocho. Ndinakhala pansi, manja pamiyendo, maso kunyanja.

Sindinawamve akubwera. Nditacheuka, amayi awiri anali atakhala pamchenga m'mphepete mwa tenti, miyendo atatambasula, zitenje atafunda m'mapewa. Sanaodire, sanandilonjere. Anangokhala chete, maso pansi. Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la munthu wofika pakhomo pako n'kukhala pansi osalonjera. Ndinaonanso kuti mapazi awo achokera cha kumpoto, komwe kunalowera amuna anga.

Wamkuluyo, mayi wojintcha wa mamba a usipa m'mikono, anasendera pafupi n'kugwira bondo langa.

"Phepani chomene, amama."

"Mwawaona?" ndinafunsa.

"Yayi, amama. Koma nyanja imabweza. Limbani mtima." Anayang'ana zovala zija pampando, ndi nsapato pansi pake. "Ndi adada a kunyumba?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Analowa nthawi yanji?"

"M'mawa."

Mnzakeyo anayamba kulira motsitsa, kenako mokweza. Ine sindinafunse kuti wakuuzani ndani, kapena mwaona chiyani. Nkhani ya imfa sitiifunsa choncho, ndipo sitiinena mwachindunji. Timati wadwala kwambiri, timati limbani mtima, ndipo womvayo amamva zonse. Ine ndinamva zonse. Ndinali wotsimikiza kuti amayiwa aona zimene zachitika kuseri kwa mwala ndipo akundifikitsa pang'onopang'ono monga mwa mwambo. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti iwo sanaone kalikonse. Ankadutsa pamsewu popita kumatandala, anaona masamba pa phula, anaona tenti ya pamaliro pamchenga, ndi mayi wa duku lakuda ali yekha akuyang'ana madzi pafupi ndi zovala za mwamuna. Kunyanja kuno munthu akamira, abale amakhala pagombe kudikira thupi. Iwo anandiwerenga ine, ine ndinawawerenga iwo, ndipo aliyense anapeza umboni pankhope ya mnzake.

Zotsatira zake ndimazikumbukira ngati zinkachitikira munthu wina. Anthu anayamba kutsika kuchokera kumsewu, amayi kulowa mu tenti, abambo kukhala pansi pa mango. Wina anabwera ndi benchi pamutu, wina ndi mtolo wa nkhuni. Anandichotsa pampando n'kundikhazika pamphasa, anandifunditsa chitenje cha munthu amene sindimudziwa. Asodzi amene anagwira ntchito usiku wonse anawadzutsa, ndipo ndinaona mabwato akukankhidwira m'madzi n'kulowera kuseri kwa mwala. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya Chitumbuka ija timaimba pamaliro onse, ndipo milomo yanga inayamba kuimba yokha.

Misozi sinabwere. Mutu unangoima. Ndinkaganiza zinthu zopanda pake, kuti makiyi a galimoto ali m'thumba la buluku, ndipo ine sinditha kuyendetsa, ndipo galimoto yatitimira. Ndinkaganiza kuti mawu omaliza amene ndinawauza anali akuti chikhomo mwakhoma mokhota. Ndinkaganiza za mwana wathu wamkazi ku Lilongwe, kuti ndiyamba ndi mawu ati, ndimuuza bwanji kuti bambo ake, amene ankamuletsa kusewera pafupi ndi thanki ya madzi, afera pa chidole.

Foni inalira m'thumba la buluku lija. Mayi wa usipa anaitulutsa n'kundipatsa. Anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, namwino wopuma amene amakhala pafupi nafe ku Khondowe. Mnyamata wina wa kabaza anali atawerenga dzina la mpingo wathu lolembedwa ndi penti pa tentiyo n'kuimbira m'bale wake kuphiri, ndipo nkhani inali itazungulira kale.

"Mlamu, tikumva zina kuno. Muli kuti?"

"Kunyanja."

"Achimwene ali pompo?"

"Alowa m'madzi m'mawa. Sanabwerebe. Anthu akufunafuna ndi mabwato."

Ndinamva kulira, ndipo foni inaduka. Ndinanena zoona zokhazokha, koma ndi mawu amenewo ndinasindikiza imfa ya amuna anga kumpingo wonse.

Dzuwa lili paliwombo, bwato limodzi linabwerera. Anthu anasiya kuimba. Msodzi anatsika, analankhula ndi abambo pansi pa mango, ndipo mmodzi wa iwo anabwera kudzagwada pakhomo la tenti atanyamula kanthu ndi manja awiri. Chinali chipewa chabulauni, chonyowa, mchenga uli m'mphepete. Anati achipeza chikuyandama patali ndithu. Ndinachilandira, ndinachikumbatira pachifuwa, ndipo kulira kumene kunatuluka mwa ine sindinakumvepo m'moyo mwanga. Ndakhala ndikulira maliro a makolo anga, a abale, a anzanga, koma uku kunali kwina. Ndinali mkazi wamasiye, ndipo ndinadziwa bwinobwino kuti umasiye umamveka chonchi.

Posakhalitsa galimoto ya ku Khondowe inafika itadzaza. Amayi a mumpingo anatsika atavala kale zoyera ndi zakuda, akulu a mpingo atavala majekete pa dzuwa limenelo. Alamu anga anayamba kulira ali kumsewu, akuitana mlongo wawo m'Chitumbuka, "Mudumbu wane, mudumbu wane," mpaka anadzagwera pa ine. Anthu a kwathu atafika, kanthu kakang'ono kamene kankatsutsabe mumtima mwanga kanazima. Ndinaona kuti ngati awa onse atsika phiri, ndiye kuti n'zoona.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinamva njinga yamoto ikuchepetsa liwiro pamasamba paja n'kuzima. Kenako kunamveka phokoso lachilendo kumunda wa chinangwa, ngati anthu akupatuka mofulumira. Mmodzi wa akulu a mpingo anafuula dzina la Mulungu. Amayi amene anali pakhomo la tenti anadzuka n'kuthawira kumbuyo, wina mpaka kugwetsa mzati. Alamu anga anandisiya, anaimirira, anagwira pakamwa.

Pakhomo panaima munthu wopanda nsapato, wa kabudula wonyowa ndi jekete ya olenji, imvi zili nyankhalala, miyendo yoonda ili ndi mabala a miyala. Anali amuna anga. Koma sankayang'ana anthu. Maso awo ankasakasaka pansi, pamphasa, m'makona a tenti, pomwe timagoneka thupi. Alamu anga anawagwira mkono, iwo anawakankha osawayang'ana.

"Ali kuti?" anafunsa. Mawu awo sindinawazindikire. "Mwamugoneka kuti mkazi wanga?"

Ine ndinali pakati pa amayi, nditafundidwa chitenje mpaka kumaso. Ndinachotsa chitenjecho n'kudzuka, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali potsegula. Kenako anakhala pansi pamchenga pomwepo, ndipo amuna anga, mkulu wa mpingo wa taye uja, anayamba kulira mokweza pamaso pa anthu onse, a kunyanja ndi a kuphiri omwe.

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, atamwa madzi. Makanema aja anawaphunzitsa kuimirira ndi kupita, koma gawo la kutembenuka anali asanafikepo. Kuseri kwa mwala mphepo inali ina, yowomba motsatira gombe, ndipo inawatenga. Poyesa kukhota anagwa, chipewa chinapita, thanga linalemera ndi madzi moti analephera kulidzutsa. Anangogona pathabwapo, mphepo ikuwakankha, mpaka inakawatula pamiyala cha kufupi ndi Chitimba. Thabwa analisiya pakhomo pa anthu ena, anayenda wapansi pa phula lotentha mpaka anapeza kabaza wovomera kunyamula mdala wa kabudula wopanda chikwama. Atayandikira, wa kabazayo anachepetsa liwiro pamasamba n'kunena kuti pano pali nyifwa, ndiye kuti maliro. Iwo anaseka, anati masambawo ayala ndi iwowo. Koma ataona khamu, ndi galimoto ya kwathu, ndi amayi a zoyera ndi zakuda, anafunsa munthu wina pamsewu kuti wamwalira ndani. Munthuyo anati sakudziwa dzina, koma akuti ndi wa ku Khondowe amene anabwera m'mawa. A ku Khondowe tinabwera awiri. Ine ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo anandisiya ndekha pa dzuwa.

Tsopano anthu anamvetsa. Woyamba kuseka anali mayi wa usipa uja. Anaseka mpaka kugona chammbali pamphasa, akupukuta misozi yomwe ija ankandilirira nayo. Ena anatsatira. Koma si onse. Asodzi amene anabwerera ndi mabwato atapalasa dzuwa lonse opanda tulo sanaone choseketsa, ndipo amayi ena anathamangira kumatandala komwe anasiya usipa wopanda woingitsa akhwangwala. Mmodzi wa akulu a mpingo anaiyang'ana tenti kuyambira pamwamba mpaka pansi n'kunena motsitsa kuti nkhani imeneyi tikaikambirana. Alamu anga ndiye anapsa mtima zenizeni.

"Achimwene, zaka zonsezi mwakhala mukumanga tenti iyi. Munaimangapo pa chiyani china kupatula nyifwa?"

Amuna anga anavala buluku pamwamba pa kabudula wonyowa, n'kuyamba kuzungulira kugwira dzanja munthu aliyense, kuyambira asodzi, akungoti, "Phepani, yewo chomene, phepani." Munthu amene anasakasaka gombe lonse kufuna malo opanda womudziwa anatsala wodziwika kuyambira ku Chiweta mpaka ku Chitimba. Ine manyazi anandigwira mochedwa. Nthawi iliyonse akachoka pamaso panga kupita kuseri kwa mtengo, mtima unkadumpha. Nkhuni zinalipo kale, choncho tinatulutsa shuga, masamba a tiyi, buledi ndi mpunga zonse za ulendo wathu, amayi anaphika, ndipo anthu anadya ngati pamaliro, kungoti mwini maliro ankagawa nawo makapu.

Sitinagone kunyanja. Abambo a pamudzipo anagwetsa tenti mofulumira ngati ikuwaotcha, anakankha galimoto kuichotsa mumchenga, wina anakachotsa masamba pamsewu. Mayi wa usipa anandiperekeza mpaka pagalimoto atandigwira dzanja. Anati tikadzabweranso tidzabwere ndi katenti kakang'ono ka azungu, ndipo ine ndidzavale duku lamaluwa.

Galimoto ya anzathu inatsogola. Ife tinatsatira pambuyo, tikukwera Gorodi mwakachetechete, kona ndi kona. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwakalipire, koma onse anali atasungunuka. Tili pakati pa phiri, pamalo pomwe msewu umatambasuka pang'ono, anaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini. Manja awo anali pachiwongolero, zikhatho zili ndi matuza a chingwe chija. Analankhula osandiyang'ana.

"Mayi, kuseri kwa mwala kuja ndinayenda ndithu. Ndinaimirira mtunda wautali ndisanagwe. Pa kabaza paja njira yonse ndimangokonza momwe ndidzakufotokozereni." Anasisita matuza aja ndi chala. "Munthu uja atanena kuti wa ku Khondowe wamwalira, chinthu choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti tsopano ndiuza ndani."

Ndinawayang'ana, mwamuna wanga wa mchenga m'makutu, amene masana omwewo ndinali nditamuika kale m'manda mumtima mwanga.

"Ndiuzeni tsono," ndinatero.

Anayamba kufotokoza za mphepo ndi thanga, koma sanafike patali, mawu anawathera. Ine ndinali nditagwira mkono wawo wakumanzere ndi manja onse awiri, ndipo sakanatha kulowetsa giya, choncho tinakhala pomwepo kwa kanthawi.